Lipoti la mwala umene unamera m'matope a pansi pa nyanja

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yoyeza miyala yotuluka m'zitsime zimene timaboola muno mu Lusaka. Kwa zaka zambiri manja anga azolowera mwala wa laimu, dolomite ndi marble, wa pansi pa mzinda uno, mwala womwe amayi amaswa ndi hamala m'mbali mwa misewu ku Kalingalinga ndi ku Misisi, womwenso umasiya laimu woyera mkati mwa maketulo athu. Ndiye tsiku limene mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anandibweretsera mwala wotuwa m'thumba la pulasitiki, ndinaupatsa dzina mofulumira, koma kumene unachokera ndinaphonya. Ndalemba lipotili kuti anzanga a ntchito ndi aphunzitsi a sayansi aone njira imene tinadzera mpaka kuudziwa bwino.

Kumene mwala unachokera

Mphwangayo amagwira ntchito pa sitima yoyeza nthaka ya pansi pa nyanja anthu asanayale mapaipi. Ulendo umenewu anali kunyanja ya India, kufupi ndi chigawo cha Cabo Delgado kumpoto kwa Mozambique, dera limene gasi wambiri anapezeka mu 2010 m'chigwa cha Rovuma. Kayezedwe kake n'kotere: amatsitsa paipi yachitsulo yokhala ndi cholemera pamwamba, imalasa matope, ndiye poikweza imabwera ndi matopewo monga anagonera, apansi pansi, apamwamba pamwamba. Pamalopo madzi anali akuya mamita oposa 1,000. Paipi ina inaima isanafike pamene inayenera kufika, ndipo poitsegula anapeza kukamwa kwake kuli miyala iwiri yolimba, yozingidwa ndi matope akuda obiriwirako onunkha ngati dzira lowola. Zotsala za kukamwa kwa paipizo zinali zoti zitayidwe, choncho anapempha kwa mkulu wake kuti atengere mkazi wake amene amaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ku Matero.

Anafika ndi maganizo atatu osiyana. Anzake a pa sitima ankati ndi chibenthu cha simenti chimene chinagwa m'sitima ina. Iye ankati ndi mwala wokokoloka ndi mtsinje wa Rovuma. Mkazi wake ankaganiza kuti ndi korali, mwala womangidwa ndi tinyama ta m'nyanja, chifukwa mwala waukuluwo unali ndi una wodutsa pakati, woti pensulo n'kulowa.

Waukuluwo unali ngati mbatata ya kholowa yapakatikati, wotuwa moderako, kunja kofumbutuka koma mkati molimba. Waung'onowo unali ukadali ndi matope omatirira, ouma kale, ndipo mizere ya matopewo inkaoneka.

Ndinadonthezera asidi wa hydrochloric wosungunula, uja timayenda naye m'kabotolo. Thovu linali lochepa. Nditapala ufa ndi mpeni n'kudonthezanso, thovu linabwera lambiri. Aliyense wogwira miyala ya Lusaka amachidziwa chizindikiro chimenechi: calcite, laimu wa kashiamu yekha, amachita thovu pomwepo, pamene dolomite, wa kashiamu ndi maginiziyamu, amadikira umupere kaye. Ndinati, "Mphwanga, uyu ndi dolomite wakale wa kumtunda, ngati wathu yemweyu. Wanena zoona, wabwera ndi madzi."

Iye anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Koma amalume, mwala wa mu mtsinje umakhala wosalala. Uwu bwanji uli ndi timabowo ndi tinsonga?"

Funso limenelo ndi limene linatsegula nkhani yonse. Mwala woyenda mtunda wautali umakhulana ndi inzake mpaka kuviringa. Komanso dolomite wathu wa Lusaka ukamuswa amanyezimira ngati shuga, chifukwa anaphikidwa ndi kufinyidwa pansi pa mapiri zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo. Uwu unali wosanyezimira, wa ufa wosalala ngati dothi louma. Dzina la dolomite ndinalondola, koma mbiri yake ndinaiphonya kutali.

Zimene tinapeza poudula

Za simenti zinatha msanga. Konkire ukamuswa n'kudonthezera phenolphthalein pamalo atsopanowo, amasanduka wapinki. Wathuyu sanasinthe mtundu. Za korali nazo zinatha titangoucheka, popeza munalibe tizipinda tondondozana timene korali amamanga.

Tinadula kachidutswa, n'kukamata pa galasi, n'kukapera mpaka kupyapyala mamilimita 0.03, muyezo umene kuwala kumadutsa mu mwala. Ndimaukumbukirabe madzulo amene ndinakaika pa maikulosikopu. Mwala wonse unali wodzaza tizigoba ta foraminifera, tizamoyo ta selo imodzi, ta mtundu umene umayandama m'madzi apamwamba a nyanja. Tizigobato tinali tathunthu, tozungulira, tizipinda take tosaphwanyika. Pakati pake panali dongo, timchenga tosalala ta quartz, ndi timakristalo ting'onoting'ono ta ngodya zopendekera, mawonekedwe a dolomite. Apa ndi apo panali timibulu takuda ta pyrite tounjikana ngati chipatso cha mabulosi, tina tili mkati mwenimweni mwa tizigoba. Titathira utoto wa Alizarin Red S, tizigobato tinafiira, kusonyeza calcite, koma zomatira pakati pake zinakhala zotuwa, kusonyeza dolomite.

Kenako tinapera magalamu 20, n'kuwasungunula mu asidi wofunditsa. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi anasungunuka. Zotsala pansi pa botolo zinali matope, ofanana ndendende ndi amene anamatirira kunja kwa mwala waung'ono uja.

Apa m'pamene ndikufuna tichedwepo. Matope a pamwamba penipeni pa nthaka ya pansi pa nyanja ndi phala lamadzimadzi. Pa magawo 100 a malo amene amatenga, 70 mpaka 80 ndi madzi okhala m'mipata ya pakati pa tinthu ta dothi. Matope ena akamaunjikana pamwamba, madziwo amafinyidwa, mipata imatsekeka, tizigoba tosalimba timaphwanyika. Ndiye ukapeza mwala umene gawo lalikulu ndi carbonate, ndiko kuti calcite ndi dolomite uja wosungunuka mu asidi, koma dothi lake ndi lomwelo la matope ozungulira, tizigoba tili tathunthu, ndiye kuti carbonate ameneyo analowa m'malo amene munali madzi, matope akadali ofewa, asanalemedwe. Mizere ya pa mwala waung'ono inavomereza zomwezo. Inkapinda mozungulira mwalawo monga bulangete lofunda pa dzungu: matope anapitiriza kuphwa, mwala wolimba kale unakana. Mwalawu sunagwere m'matope. Unamera momwemo, ngati mbulu mu phala, kungoti mbulu uwu unkakula pang'onopang'ono pomwa zimene zinali m'madzi ouzungulira. M'mabuku a ntchito yathu carbonate wotere amatchedwa authigenic, kutanthauza wobadwira pomwepo.

Carbonate wogwa ndi carbonate womera

Pamene ndinkafotokozera mkazi wa mphwanga zimenezi, ndinaona kuti chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti mu mwala umodzimodziwu muli carbonate wa mitundu iwiri ya mbiri. Woyamba ndi tizigoba. Foraminifera ndi ndere zing'onozing'ono zotchedwa coccolithophore zimamanga zigoba za calcite kumtunda kumene dzuwa limafika, zikafa zigobazo zimagwa ngati mvula ya mawawa yosaleka. Anthu a pa sitima ya HMS Challenger, imene inazungulira nyanja kuyambira 1872 mpaka 1876, anaona kuti matope oyera a zigobawa afunda madera aakulu a pansi pa nyanja, koma kozama kwambiri kulibe, kuli dongo lofiirira lokha. Chifukwa chake n'chakuti madzi akuya ndi ozizira, ndi opanikizika, ndiponso ali ndi carbon dioxide wambiri, choncho amasungunula calcite. Kupyola mamita 4,000 mpaka 5,000, malingana ndi nyanja yake, zigoba zimasungunuka mofulumira kuposa mmene zimagwera.

Wachiwiri ndi womera mkati, ndipo amamera chifukwa matope ali ndi moyo. Pamodzi ndi zigoba pamagwanso zowola: ndere zakufa, ndowe za tinyama ta m'madzi, zinyalala za zomera zobwera ndi mitsinje. Tizamoyo tosaoneka ndi maso timadya zowolazi, ndipo pakudya timafuna chopumira. M'masentimita oyamba muli okosijeni. Akatha, ena amapumira nitrate, kenako manganese, kenako dzimbiri la ayironi. Zonsezi zimatha msanga pamene zowola zachuluka. Chotsala chochuluka ndi sulfate, amene m'madzi a m'nyanja alipo pafupifupi mamilimolo 28 pa lita, ndipo mabakiteriya opumira sulfate amalamulira mamita angapo, nthawi zina makumi a mamita. Iwowa ndi amene amatulutsa hydrogen sulfide, fungo la dzira lowola limene mphwanga analimva. Aliyense amene anapondapo matope akuda a pa dambo kapena m'ngalande za ku Kanyama nthawi ya dzinja amalidziwa. Sulfide ameneyu akakumana ndi ayironi amapanga pyrite, timibulu takuda tija. Sulfate akatheratu pansi, ntchito imatsalira tizamoyo ta gulu la archaea, timene timatulutsa methane, mpweya womwewo umene anthu amakolola ku ndowe za ng'ombe kuti aphikire.

Tsono pali malire pamene methane wokwera kuchokera pansi amakumana ndi sulfate wotsika kuchokera pamwamba. Pamalire amenewa pamakhala archaea odya methane ndi mabakiteriya opumira sulfate, atakumbatirana m'timagulu. Antje Boetius ndi anzake anajambula timagulu timeneti mu 2000, m'matope a ku Hydrate Ridge kufupi ndi gombe la Oregon. Zochitika zake zimalembedwa motere: CH4 (methane) + SO4 (sulfate) kupereka HCO3, HS (sulfide) ndi madzi. Chofunika kwa ife ndi HCO3, bicarbonate. Akachuluka m'madzi a m'mipata momwe muli kale kashiamu ndi maginiziyamu wa m'nyanja, madziwo amalephera kusunga zonsezo, ndipo makristalo amayamba kumera pa tizigoba ndi pa tinthu ta dothi. M'ketulo ya ku Chawama chimene chimagwetsa laimu ndi moto. M'matope a pansi pa nyanja mulibe moto, madzi ndi ozizira ngati a mufiriji. Ntchito ya motoyo imagwiridwa ndi tizamoyo.

Mtundu wa carbonate umene umamera umatsata kuya kwake. Pafupi ndi pamwamba, pamene sulfate akadali wambiri, kawirikawiri pamamera aragonite, ndipo pamene methane akutuluka mwamphamvu amapanga zikhakha zolimba ngati sitepe ya konkire. Pansi pang'ono pamamera calcite wa maginiziyamu wambiri. Pamene sulfate watsala pang'ono kutha ndi pamene dolomite amapezeka kwambiri. Pansi penipeni, pamene sulfide watha koma ayironi alipo, pamamera siderite. Pali winanso wodabwitsa wotchedwa ikaite, amene amasunga mamolekyu 6 a madzi m'kristalo yake ndipo amangokhala m'malo ozizira kwambiri. Dzina lake linachokera ku Ikka Fjord ku Greenland, koma anapezekanso m'matope akuya a kunsi kwa mtsinje wa Congo, mtsinje umene Chambeshi wathu amathiramo madzi. Ukamutulutsa kotentha amanyenyeka n'kusanduka ufa wa calcite ndi madzi.

Umboni wa kaboni, ndi kulakwa kwachiwiri

Maikulosikopu inatiuza kuti mwala unamera m'matope ofewa momwe munali sulfide. Kuti tidziwe kumene kaboni wake anachokera, panafunika kuyeza ma isotope, ndiko kuti mitundu iwiri ya kaboni: kaboni-12 wopepuka ndi kaboni-13 wolemererapo. Tizamoyo timakonda kaboni wopepuka. Pa sikelo imene akatswiri amagwiritsa ntchito, imene imatsika pansi pa 0 kaboni wopepuka akamachuluka, zigoba za m'nyanja zimakhala pafupi ndi 0, zowola za m'nyanja zimakhala pakati pa -20 ndi -25, pamene methane wopangidwa ndi tizamoyo amatsika kupyola -60. Ndiye carbonate wotsika kuposa -30 sangachokere ku zowola zokha, ayenera kuti anadya methane. Mbali inayo, carbonate womera pansi kumene methane akupangidwa amakwera pamwamba pa 0, popeza kaboni wopepuka wapita ndi methane. Njira yowerengera miyala motere inakhazikika ndi ntchito ya Irwin, Curtis ndi Coleman mu 1977 pa miyala ya Kimmeridge ku England.

Tinatumiza ufa ku labotale ina ya kunja kwa dziko lino. Zotsatira zoyamba zinabwera zapakatikati, zoti sungaweruze nazo mlandu. Vuto linali langa: ndinapera chidutswa chonse, tizigoba ndi zomatira pamodzi, choncho kaboni wa zigoba anaphimba chizindikirocho. Ulendo wachiwiri ndinatenga kachoboolera kang'ono ka mano, n'kupala ufa pa khoma la una uja pokha, pamene dolomite ali wothinana ndipo tizigoba ndi tochepa. Zotsatira zinagwa pansi pa -30. Ndimapempha aliyense wogwira miyala yotere asabwereze kulakwa kumeneku. Yang'anani kaye pa galasi, dziwani chimene mukupala, ndiye mutumize.

Una wa pakati uja tsopano unamveka. Ndi njira imene madzi okhala ndi methane ankakwerera, mwina potsata dzenje la nyongolotsi ya m'matope kapena mng'alu waung'ono. Tizamoyo tinaunjikana m'mbali mwa njirayo, ndipo mwala unakula kuchokera pakhoma kupita kunja. Miyala ya mtundu wa paipi yotere yapezeka m'malo ambiri otuluka methane. Kumadzulo kwa Africa, kunsi kwa mtsinje wa Congo, pa dzenje lotchedwa Regab, lakuya mamita oposa 3,000, pali zikhakha za carbonate zimene nkhono ndi nyongolotsi zazitali zamangapo midzi yawo.

Za dolomite, mwala wovuta

Sindingatseke nkhani ya mwalawu popanda kunena chifukwa chake unandigwira mtima chotere. Dolomite anatenga dzina la Déodat de Dolomieu, amene anamufotokoza mu 1791. M'miyala yakale alipo wochuluka, mapiri athunthu, ndipo mzinda wathu wakhala pamwamba pake. Koma m'nyanja za lero ndi wosowa, ngakhale madzi a m'nyanja ali ndi maginiziyamu wochuluka kasanu kuposa kashiamu. Kristalo ya dolomite imafuna mzere wa kashiamu, mzere wa carbonate, mzere wa maginiziyamu, mosasokoneza, ndipo maginiziyamu amakakamira kwambiri madzi omuzinga, safuna kuwasiya. Katswiri wina wa miyala, Lynton Land, anadikira zaka 32 kuti dolomite amere m'botolo pa kutentha wamba, ndipo mu 1998 analemba kuti sanamere. Baker ndi Kastner mu 1981 anasonyeza kuti m'zoyesa zawo sulfate ankatchinga kumera kwake, ngakhale mfundoyi ena amaitsutsa mpaka lero. Vasconcelos ndi McKenzie anapeza mabakiteriya akuthandiza kumeretsa dolomite ku Lagoa Vermelha ku Brazil. Sitima ya JOIDES Resolution itaboola pansi pa nyanja kufupi ndi Peru, mu 1986 komanso mu 2002, inatulutsa mizere yolimba ya dolomite yosanjikana m'matope odzaza zowola. Mu 2023 akatswiri a ku Michigan ndi ku Hokkaido anasonyeza kuti kristaloyi imakula bwino ikamasungunuka pang'ono n'kumeranso mobwerezabwereza, chifukwa kusungunukako kumachotsa maatomu okhala pamalo olakwika.

Mwa kuona kwanga, palibe chifukwa chokakamizira njira imodzi pa dolomite yense. Wa Lusaka anayambira m'nyanja yosaya yakalekale, ndipo moto wa pansi pa nthaka unafufuta zambiri za ubwana wake. Wa mphwangayu ndi khanda, wobadwira mumdima ndi m'kuzizira, akadali ndi zizindikiro zonse za kubadwa kwake. Asidi amawayankha mofanana, n'chifukwa chake ndinanyengeka. Kabotolo ka asidi kamatchula dzina la mwala, koma kwawo kwa mwalawo kumadziwika ndi galasi ndi matope ouzungulira.

Zimene ndinauza mphwanga

Atamva za methane maso ake anawala. "Ndiye kuti amalume, pansi pamenepo pali gasi wogulitsa?" Ndinamuuza kuti mwala uwu sukunena zimenezo. Methane wa tizamoyo amapezeka m'matope a m'mphepete mwa makontinenti pafupifupi kulikonse kumene mitsinje ndi ndere zimathira zowola zambiri, ndipo gawo lalikulu kwambiri la methaneyo limadyedwa pamalire aja lisanafike m'madzi. Chimene mwalawu ukunena n'chakuti pa nthawi ina methane anakwera mpaka pafupi ndi pamwamba pa malowo, ndipo malirewo anakhazikika pamenepo nthawi yaitali ndithu, yokwanira kumanga mwala wa msinkhu wa mbatata. Kwa anthu oyala mapaipi ndi ozika nangula zimenezi ndi zofunika pa zifukwa ziwiri. Mwala wolimba wobisala m'matope ofewa ungaimitse chitsulo chimene amayembekeza kuti chilowa mosavuta, monga unaimitsira paipi yawo. Komanso ndi chenjezo loti m'matopemo mungakhale mpweya, umene umafewetsa nthaka ya pamalo otsetsereka.

Chinandiwawa ndi matope aja. Anafika ouma, atakhala masabata m'thumba losamanga bwino, ndipo madzi a m'mipata, amene akanatiuza kuchuluka kwa sulfate ndi bicarbonate pamalo enieni a mwalawo, anali atapita. Ndamupempha kuti ulendo wina akaloledwa kutenga zotsala, alembe pomwepo kuya kwa madzi, kuya kwa matope pamene mwala wapezeka, mtundu wa matope ndi fungo lake, ndiponso ngati matopewo akufufuma kapena kung'ambika okha paipi ikatsegulidwa, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro cha mpweya wotuluka. Matopewo awamange m'thumba lopanda mpweya n'kuwaika mufiriji, ndipo mwala asautsuke.

Theka la mwala waukulu linapita ku Matero pamodzi ndi chibenthu cha dolomite wa m'chitsime china cha ku Lusaka West ndi zithunzi za pa maikulosikopu. Ana amadonthezera viniga pa ufa wa miyala yonse iwiri, kenako amayang'ana zithunzi n'kuwerenga tizigoba. Theka linalo ndi galasi lija zili mu kabati yanga, ndipo mnzanga aliyense wa ntchito kapena mphunzitsi amene akufuna kuziona ndi maso ake ndidzamuonetsa.